Funsani Tiyankhe: Choyala Pansi ndi Magetsi pa Sitandi ya ku Chionetsero cha Zamalonda

Mwezi uno makalata andichulukira ochokera kwa anthu amene akukonzekera kukaonetsa malonda awo ku zionetsero, ndipo pafupifupi onse nkhani yawo ndi imodzimodzi, pansi tiyale chani, nanga katundu timuwalitse bwanji. Ndakondwa nawo mafunsowa chifukwa zinthu ziwirizi anthu amazikumbukira kumapeto, mabanala atasindikizidwa kale, mayunifolomu atasokedwa, ndalama itatha, nde munthu amangotola chilichonse chomwe wachipeza pafupi. Makalata ena ndawadula pang'ono kuti akwane pa tsamba.

Funso: Zikomo akonzi. Ine ndimasoka madiresi ndi zikwama zachikopa ndipo aka nkoyamba kutenga sitandi. Andipatsa malo a mamita 3 mulitali, 3 mulifupi, akuti muli makoma, soketi imodzi, magetsi awiri ndi kapeti wawo. Mnzanga akuti kapeti ameneyu ngwachabechabe ndigule wanga. Ndimumvere? Chionetserocho ndi cha masiku anayi. — Mayi wa zosokasoka

Yankho: Amayi, mnzanuyo sakunama kwenikweni, kungoti sanakuuzeni chifukwa chake. Kapeti amene okonza zionetsero amayala ndi uja wopyapyala, wopanda ubweya woimirira, ulusi wake amangoubayabaya ndi masingano a makina mpaka ugwirane ngati bulangete louma, ndipo amamupanga kuti agwire ntchito masiku ochepa kenako achotsedwe. Pamaso alibe vuto, tsiku loyamba amaoneka bwino ndithu. Nkhani ili kunsi kwake. Pansi pa maholo ambiri ndi simenti yolimba, yozizira, nde kakapeti kopyapyala chonchi sikasintha kanthu, mwaima pa simenti basi. Tsiku loyamba simumva, mtima uli m'mwamba ndi chisangalalo. Tsiku lachiwiri ikamati 2 koloko masana zidendene zayamba kuyaka moto, lachitatu ululu wakwera m'mawondo mpaka m'chiuno ndipo muzingodzipeza mukusakasaka mpando, ndiye apa mpomwe malonda amathawira chifukwa wogulitsa akakhala pansi kuseri kwa tebulo nkhope itagwa anthu amangodutsa, palibe amene amafuna kuvutitsa munthu wotopa.

Ine izi ndinaziona ndi maso anga pa chionetsero china cha masiku asanu. Tsiku lachitatu ndinasuzumira kuseri kwa kauntala ndikupeza mtsikana yemwe ndinkagwira naye ntchito wavula nsapato, waima pa katoni yopinda pawiri, pamwambapa akumwetulira makasitomala koma zala zakuphazi akuzipinda ndi kuziwongola chifukwa cha ululu. Zinandikhudza kwambiri chifukwa ndine amene ndinakana kugula siponji yoyala pansi pa kapeti, ndimati nkuononga ndalama. Chiyambire tsiku limenelo siponji ndimaiyika pamwamba pa bajeti, mabanala amabwera pambuyo pake.

Nde langizo langa ndi ili, musathamangire kusintha kapeti, yambani mwafunsa ngati amalola kapena ngati iwowo amayala siponji pansi pake, yokhuthala ngati sentimita imodzi yakwana. Kuposa apo imayamba kunyikanyika, matebulo ndi mashelefu sakhazikika, komanso m'mphepete mumatukuka anthu nkumapunthwa. Koma ngati mukudziwa kuti chionetsero ichi sichomaliza, mudzapitanso kwina chaka chamawa, bola mugule kapeti wa matailosi, uja wodulidwa masikweya a masentimita 50. Anayi amakwana sikweya mita imodzi, nde malo anuwo a masikweya mita 9 akufuna matailosi 36, inu mugule 40 kuti munthu akataya chakumwa mungochotsa imodzi nkuikapo ina. Amalowa mu buti ya galimoto bwinobwino, pomwe kapeti wokulunga amafuna anthu awiri ndi galimoto yaitali. Kunsi kwa tailosi iliyonse kumakhala kamuvi, poyala muziyang'ana timivito kuti tiloze mbali imodzi, apo ayi pansi padzaoneka ngati mwasakaniza mitundu iwiri chonsecho ndi umodzi. Ndipo munyamule mpeni wakuthwa, mkati mwa sitandi mumachepa pang'ono kuyerekeza ndi zomwe zalembedwa pa pepala chifukwa cha zitsulo zogwira makoma.

Za mtundu, woyera kapena wakirimu musayerekeze, pofika masana a tsiku loyamba mapazi a anthu ajambulika paliponse. Wakuda bii nayenso anthu amaganiza kuti amabisa litsiro koma ayi, kafumbi kalikonse, kaulusi kalikonse kakugwa ku madiresi anuwo kadzaonekera, kuphatikiza apo wakuda amameza kuwala ndipo magetsi anu awiri aja adzaoneka ngati limodzi. Wotuwa wapakatikati kapena wa timawangamawanga ndi amene amapirira. Mufunsenso kuti m'tinjira toyenda anthu ayala wa mtundu wanji kuti wanu asiyaneko, munthu azidziwa kuti apa ndalowa kwa mayi aja a zikwama.

Chomaliza, ndipo ichi ndikuuza aliyense amene walemba kalata mwezi uno, okonza chionetsero amatumiza kabuku ka malamulo, kawerengeni konse olo kakhale kotopetsa bwanji. Safunsa anadya phula. Muli malamulo a tepi, maholo ambiri amafuna tepi yomata mbali zonse ziwiri yomwe siisiya ulimbo pa simenti, mukagwiritsa ntchito ina nkusiya zomatamata amakulipiritsani yoyeretsera. Mulinso za moto, kwina amafuna pepala losonyeza kuti choyala pansi chanucho sichiyaka msanga, ku Europe mwachitsanzo amayang'ana zilembo ngati Bfl-s1 kapena Cfl-s1 za muyezo wa EN 13501-1. Pogula mufunse wogulitsayo pepala limeneli musunge mu chikwama, si chinthu chokachisaka m'mawa wa tsiku lotsegulira.

Funso: Chaka chatha ndinapita ndi sofa wa maroon wokongola kwambiri, kushopu kwanga aliyense amamusirira, koma pa sitandi ankaoneka wabulauni ngati wakalekale, makatani a buluu ankaoneka akuda. Magetsi anali owala ndithu, ndinagula mababu a LED atsopano. Chinalakwika nchani? — Bambo wa mipando ndi makatani

Yankho: Bambo, sofayo analibe mlandu, mababuwo ndi amene anakupusitsani. Kuwala kwambiri ndi kuonetsa mtundu weniweni wa chinthu ndi nkhani ziwiri zosiyana, ndipo pa bokosi la babu pali manambala awiri omwe anthu ambiri sawayang'ana nkomwe.

Yoyamba ndi ija yothera ndi K, kutanthauza Kelvin. Imeneyi imanena maonekedwe a kuwalako. 2700K mpaka 3000K ndi kuwala kwachikasu pang'ono, kofunda m'maso ngati dzuwa likamapendeka. 4000K ndi koyera kwapakatikati. 5000K mpaka 6500K ndi koyera mbuu kopita ku buluu, kuja kumapangitsa malo kuoneka ngati chipatala. Zimasokoneza pang'ono poti nambala ikamakwera mpomwe kuwala kukuoneka kozizira. Mipando, matabwa, zikopa, golide, zonsezi zimasangalala pa 3000K. Makina, zitsulo, siliva, mafoni ndi makompyuta zimaoneka zaukhondo pa 4000K kupita m'mwamba. Amene ali ndi katundu wa mitundu yosakanikirana ngati inu ndi makatani anuwo, ine ndimati aime pa 3500K kapena 4000K, palibe mtundu umene umafa kwambiri pamenepo. Chimene sindifuna kuona ndi kusakaniza, babu ili lachikasu, loyandikana nalo labuluu, khoma limodzi kuoneka ngati lapentedwa ndi anthu awiri osamvana.

Yachiwiri ndi imene ndikukhulupirira kuti inapha sofa wanu, imatchedwa CRI, pena amalemba Ra. Imayeza mmene babu likuonetsera mitundu poyerekeza ndi kuwala kwachilengedwe, ndipo mapeto ake ndi 100. Mababu otchipa ambiri ali pa 70 kapena 80, okwanira kuwalitsa khonde kapena sitolo yosungira katundu koma osati kugulitsira nsalu. Inu mukufunika 90 kupita m'mwamba. Chifukwa chake chili m'kapangidwe ka LED yoyera, mkati mwake kachipangizo kamene kamayaka ndi kabuluu, nde amakapaka mankhwala achikasu pamwamba kuti kuwala kutuluke koyera. LED yabuluuyi ndi imene inawapezetsa Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura mphoto ya Nobel mu 2014, ndipo popanda iyo sitikanakhala ndi mababu osadya magetsiwa. Koma buluu kuphatikiza chikasu, kufiira kumakhala kochepa, ndiye chinthu chofiira chikakhala pansi pa babu loterolo chilibe kuwala kofiira koti chibweze m'maso mwanu, chimangooneka chothimbirira, maroon nkusanduka bulauni. Mababu abwino amawonjezera mankhwala ena otulutsa kufiira, nchifukwa chake amadulirapo. Ndipo dziwani kuti nambala ya CRI amaiwerengera pa mitundu isanu ndi itatu yofuwa, kufiira kwenikweni mulibemo, kuli ndi nambala yakeyake yotchedwa R9, mukaiona yalembedwa ndipo ili pamwamba pa 50 dziwani kuti opangawo anaganizira zofiira.

Manambala akakusokonezani chitani izi, dulani kachidutswa ka nsalu ya sofayo ndi ka katani, mupite nato kogula mababu, muwauze aliyatse, muike tinsaluto pansi pake pamodzi ndi chikhatho chanu. Chikhatho chikaoneka chotuwa ngati cha munthu wodwala lisiyeni babulo. Ndi mayeso a mphindi imodzi koma sananamizepo munthu.

Simunandiuze kuti pansi munayala chani koma ndikufunseni, sanali kapeti wofiira kapena wobiriwira? Chifukwa pansi pamabweza kuwala ndipo pamabweza ndi mtundu wake womwe, kapeti wobiriwira amapaka kubiriwira m'munsi mwa katundu ndi m'makoma oyera. Nchifukwa chake ndimakana kuti munthu asankhe kapeti lero, magetsi sabata yamawa, ngati kuti sizikudziwana. Ziyikeni pamodzi ndi katunduyo kunyumba usiku, muzimitse magetsi ena onse, muone.

Funso: Abwana andipatsa ntchito yokonza sitandi ya kampani yathu ndipo akuti iwale kuposa za anzathu. Ndigule mababu angati ndipo a mawati angati? — Mnyamata wa ku ofesi ya zotsatsa malonda

Yankho: Achimwene, mawati aiwaleni kaye, amenewo amanena magetsi amene babu likudya osati kuwala kumene likutulutsa. Kuwala amayeza ndi ma lumens. Babu lakale lija la mawati 60 linkatulutsa ma lumens pafupifupi 800, lero LED ya mawati 8 kapena 10 ikutulutsa chimodzimodzi. Kuwala kukagwera pa malo amakuyeza ndi lux, lumen imodzi pa sikweya mita imodzi ndiyo lux imodzi. Pa desiki ya mu ofesi yowala bwino pamafunika ma lux 500, nde mukafuna zoterozo pa sitandi ya masikweya mita 9 muchulukitse 9 ndi 500, mupeza ma lumens 4,500 ofika pansi, ndipo poti kwina kumatayikira m'mbali ndi m'mwamba muwonjezereko, mufike cha m'ma 6,000 kapena 7,000. Awo ndi masamu oyambira chabe, holo nayo ili ndi magetsi ake ngakhale amakhala kutali kudenga.

Koma abwana anuwo ndikufuna muwafotokozere mwaulemu kuti sitandi imene imakoka anthu si imene yawala paliponse mofanana. Diso la munthu limathamangira pamene pawala kuposa pozungulira. Mukawalitsa chilichonse, khoma, bini, makatoni, katundu, ndiye kuti palibe chomwe mwaonetsa. Sankhani zinthu ziwiri kapena zitatu, dzina la kampani ndi katundu amene mukufunitsitsa agulidwe, zimenezo ziwale katatu kapena kuposerapo kuyerekeza ndi malo ena onse. Apa mpomwe pamalowa timagetsi tolozera tija, pa bokosi amalemba madigiri a kutambalala kwa kuwala, 24 ndi kopapatiza kolozera chinthu chimodzi, 36 kwapakati, 60 kupita m'mwamba nkosambitsa khoma lonse. Mukumbukirenso kuti getsi mukalitalikitsa kawiri kuwala kofika pa katundu sikuchepa ndi theka ayi, kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi, nde pena simukufunika babu lina, mukungofunika kulisendeza pafupi.

Makoma a masitandi okonzedwa kale aja nthawi zambiri amatalika pafupifupi mamita awiri ndi theka, ndipo magetsi a mkono wautali amamangidwa pamwamba pake kuloza kubanala. Ngati banala lanu ndi lonyezimira kuwala kumadumpha nkubwerera m'maso mwa anthu, dzina la kampani osawerengeka, bola kusindikiza pa nsalu kapena pepala losanyezimira. Getsi lisamalunjike khoma tcho, lipendekere pansi, osunga zithunzi m'nyumba zoonetsera zakale amakonda madigiri 30 kuchoka pa mzere woongoka wotsika pansi, chifukwa pamenepo kunyezimira kumagwera kumapazi osati kumaso.

Mukamaliza kumanga musaime mkati nkumadziyamikira, tulukani. Pitani panjira pomwe anthu azidutsa, muyende kuchokera kumanja kenako kumanzere, mugwadeko pang'ono ngati munthu wamfupi kapena wokhala pa njinga ya olumala, muone ngati pali getsi lomwe likukuthobwani m'maso. Likakuthobwani inu lidzathamangitsa kasitomala, munthu akathobwa amatembenuza nkhope osadziwa nkomwe kuti watembenuka. Kenako imikani mnzanu pomwe aziima pogulitsa mumuyang'ane nkhope. Getsi likakhala pamutu pake penipeni maso amalowa mumdima, likakhala kumbuyo kwake amangooneka chithunzithunzi, komanso iye akawerama kuti aonetse katundu mthunzi wake umaphimba katunduyo. Kuwala kuzichokera kutsogolo ndi m'mbali pang'ono. Yang'ananinso kuti simukuwalitsira m'sitandi ya oyandikana nawo, ndi chinthu chimene chimayambitsa mikangano tsiku loyamba lomwe.

Funso: Tikupita ndi masikirini atatu, makompyuta ndi kamakina kolemera ndithu. Mawaya achuluka. Wina watiuza kuti timange pansi pokwera kuti mawaya adutse kunsi. Ndi nzeru? — Bambo wa kampani ya zipangizo

Yankho: Ndi nzeru bambo, koma walira mvula walira matope, pansi pokwera pamabwera ndi zake. Ubwino wake ndi woonekeratu, mawaya onse abisika, simenti ya holo ikakhala yokumbikakumbika inu mwapeza pansi posalala, ndipo sitandi imaoneka yolemekezeka. Ena amakweza masentimita 4, okwanira mawaya wamba, ena 10 ngati pali mapaipi a madzi kapena mawaya akuluakulu.

Matope ake ndi m'mphepete. Kasitepe ka masentimita 10 kwa inu nkachabe koma kwa munthu wa pa njinga ya olumala ndi khoma, kwa mayi wokankha mwana kapena gogo woyenda ndi ndodo chimodzimodzi, ndipo ngakhale wamphamvu zake amabwera maso ali pa sikirini yanu osati pansi, nkupunthwa pamaso pa anthu. Nde pamafunika potsetsereka. Muyezo umene umatsatidwa kwambiri, womwe ulinso m'malamulo a ku America oteteza ufulu wa olumala, otchedwa ADA, ndi 1 pa 12, kutanthauza kuti sentimita iliyonse yokwera ikufuna masentimita 12 a potsetsereka. Mukakweza 10 ndiye kuti potsetsereka ndi masentimita 120, ndipo nthawi zambiri pamayenera kukhala mkati mwa malo anu osati kutulukira munjira. Pa sitandi ya mamita 3 mwadya pafupifupi theka la kuya kwake. Mukakweza 4 ndi masentimita 48 okha. Nchifukwa chake kwa a malo ang'ono ndimati kwezani pang'ono kapena musakweze nkomwe, mawaya muwayendetse m'mbali mwa makoma, masikirini muwaike kufupi ndi pomwe magetsi akulowera, ndipo pomwe waya akuyenera kudutsa poyenda anthu muikepo chophimba charabala chija chokhala ngati kamlatho.

Nkhani ya olumalayi ndimaitenga ndi mtima wonse. Ndinaonapo bambo wina pa njinga yake atafika pa sitandi yokongola kwambiri, anaima panja pa sitepe, wogulitsa anachita kumubweretsera kabuku panjira pomwepo anthu akumulambalala, iye anangolandira nkuthokoza nkubwerera. Anali wogula ngati wina aliyense. Musiyenso mpata wa masentimita osachepera 90 pakati pa matebulo, ndipo penapake pakhale potakasuka mita imodzi ndi theka kuti njinga itembenuke.

M'mphepete mwa pokwerapo muike mtundu wosiyana ndi wa pansi kapena kachingwe ka LED kuti paoneke. Za makinawo, mufunse omanga kuti matabwa awo amasenza makilogalamu angati pa sikweya mita ndipo muwauze kulemera kwenikweni, chifukwa kulemera konse kumatsikira pa timiyendo tinayi, pangafunike kulimbitsa pamenepo kapena kusiya makinawo pa simenti nkumanga mowazungulira. Asiyenso kachitseko pamwamba pa malo olumikizira mawaya. Pulagi ikasolokera kunsi chionetsero chili mkati mudzafuna pofikira.

Funso: Matailosi a siponji olumikizana ngati mano aja, amene amayala mu jimu, angagwire ntchito? Ndawaona otchipa. — Mtsikana wogulitsa zoseweretsa ana

Yankho: Achemwali, kwa inu angagwire ndithu, ana amakhala pansi ndipo mapazi anu adzapuma. Ambiri ndi a masentimita 60, nde asanu mbali iyi asanu mbali inayo, 25 akwana malo a mamita 3, ndi opepuka ndipo mumayala nokha. Koma nsapato za gogoda zimawaboola, miyendo ya mipando ndi mashelefu imasiya maenje osabwerera, ndipo chinthu cha matayala chimavuta kukankha. Mugule ndi timizere ta m'mphepete totsetsereka kuti mano aja asaonekere. Za pepala la moto zija mufunsenso, otchipa ambiri sakhala nalo.

Funso: Ulendo watha magetsi a pasitandi yathu anazima kawiri ndipo oyandikana nafe anatikwiyira chifukwa kwawonso kunazima. Tinali ndi magetsi akale a halogen khumi, laputopu, sikirini, ndi ketulo yoti ogwira ntchito azimwera zotentha. Panopa tikuganiza zopitanso ku chionetsero cha kunja. Tikonze chani? — Mayi woyang'anira gulu

Yankho: Amayi, wolakwa wamkulu ndi ketulo. Iyo yokha imadya mawati 2,000 kapena kuposa, pomwe soketi imene amakupatsani pa sitandi imakhala ndi malire ake olembedwa m'kabuku kaja, kwina 500, kwina 1,000. Ma halogen anu khumi, ngati ndi a mawati 50 aja, ndi 500 kale musanalumikize china chilichonse. Nde tengani pepala, lembani chilichonse chomwe chidzalowe pa pulagi ndi mawati ake, amalembedwa kunsi kapena kumbuyo kwa chipangizocho, muphatikize, muwonjezereko mpata, muitanitse magetsi okwana nthawi ikadalipo, chifukwa kuitanitsa mochedwa kumakhala kodula pafupifupi kulikonse. Ndipo chonde lekani zolumikiza ekisitenshoni pa ekisitenshoni inzake, maholo ambiri amaletsa ndipo akulondola, moto umayambira pamenepo.

Ma halogen aja apumitseni. Mphamvu zambiri zomwe amadya zimasanduka kutentha osati kuwala, galasi lake limawotcha chala mukaligwira, likayandikira nsalu kapena banala ndi ngozi, ndipo anthu anu amatuluka thukuta tsiku lonse m'kachipinda kopanda mphepo. Ku European Union mitundu yambiri ya mababu amenewa anasiya kuilola pamsika, ena mu 2016 ena mu 2018, ndipo maholo ena sawalolanso. LED ya mawati 5 mpaka 7 imalowa m'malo mwa halogen ya 50, ndiye khumi onsewo sakufika ndi 100 pomwe.

Za kunjako, yang'anani mphamvu ya magetsi a dzikolo. Ku Europe ndi 230V, ku America ndi Canada ndi 120V, ku Japan ndi 100V, ndipo mapulagi ndi osiyanasiyana. Chipangizo cholembedwa 100-240V chimayenda kulikonse, chikungofuna adaputa, koma cholembedwa nambala imodzi yokha adaputa siichithandiza chifukwa imangosintha mano a pulagi basi. Tizingwe ta LED timayendera 12V kapena 24V kudzera m'kabokosi kake, nde kabokosiko ndi kamene mukawerenge. Kawirikawiri ulendo wakutali bola kuchita hayala magetsi komweko, inu muwatumizire manambala a K ndi CRI amene mukufuna, molemba, kuti asakuikireni zomwe zatsala m'sitolo.

Funso: Ndikufuna pansi ponyezimira ngati galasi, poyera, chifukwa pa zithunzi pamaoneka bwino. Komanso mavidiyo amene ndinajambula pa foni ulendo watha anali ndi mizeremizere yoyendayenda. Zikugwirizana? — Mnyamata wa zodzoladzola

Yankho: Sizikugwirizana achimwene, ndi nkhani ziwiri. Pansi ponyezimira ndi chikomekome cha mkuyu. Pa chithunzi chojambulidwa anthu asanalowe mpokongola zedi, ndipo nzoona kuti poyera pamabweza kuwala sitandi nkuoneka yaikulu, koma babu lililonse limaonekera pansipo nkumathobwa anthu kuchokera kumunsi, phazi lililonse limasiya chidindo, nsapato za mphira wakuda zimalemba mizere, ndipo inu ndi mafuta odzola, kadontho kamodzi kakagwa munthu waterereka. Ngati mtima wakana kusintha, khalani ndi munthu wopukuta ndi nsalu youma pafupipafupi. Ine ndikanasankha vinyl, pulasitiki yoyala pansi ija, yosanyezimira, yowalirapo kapena ya maonekedwe a thabwa, imakolopeka, mafuta salowerera ngati pa kapeti, ndipo iliponso ya siponji kunsi. Poisunga muziikulunga pa paipi, mukaipinda mzere wake sutha. Mukafika nayo muitambasule igone kaye maola angapo musanamate.

Mizere ya pa vidiyo ija ndi kuphethira kwa magetsi. Mababu ambiri otchipa amaphethira mofulumira kwambiri, maulendo 100 pa sekondi m'maiko amene magetsi ndi a 50Hz, kutanthauza kuti amasinthasintha maulendo 50 pa sekondi, 120 kumene ndi a 60Hz, diso siliona koma kamera imaona, ndipo ma LED ochepetsedwa kuwala ndi kaswitchi kotembenuza kaja nthawi zina amanyanya. Pogula yatsani babu, lozani kamera ya foni, makamaka pa slow motion, mukaona mizere kapena kuthwanima tengani lina. Ngati akuphethira ndi magetsi a holo omwe simungawasinthe, lowani m'masetingi a kamera muone ngati foni yanu imalola kujambula pa 25 kapena 50 fps, kutanthauza zithunzi pa sekondi, kumene kuli 50Hz, 30 kapena 60 kumene kuli 60Hz. Ndipo poti anthu azidzayesa zodzola pankhope, galasi lodziyang'anira likhale ndi magetsi mbali zonse ziwiri pa msinkhu wa nkhope, a CRI 90 kupita m'mwamba, a K yofanana ndi ya mababu ena onse a pasitandipo.